Mudzi wa nyumba zokongola koma wopanda eni: phunziro la ku Beadnell

Kumpoto kwa dziko la England, m'chigawo cha Northumberland chomwe chidachita malire ndi Scotland, kuli kamudzi ka m'mbali mwa nyanja kotchedwa Beadnell. Kale kadali ka asodzi ndi anthu ootcha laimu, ndipo ng'anjo zawo zamiyala, zomwe zidayamba kumangidwa m'chaka cha 1798, zikadalipo padoko mpaka lero. Koma pa kalembera wa anthu wa 2011 kudapezeka kuti nyumba zoposa theka za kumeneko zidalibe munthu wokhalamo chaka chonse. Kumeneko sikudagwe nkhondo kapena mliri. Nyumbazo nzosamalika, zopaka utoto, za maluwa pakhomo. Zina adagula ndi anthu olemera a m'mizinda kuti azidzapumiramo pa tchuthi, zina nzochititsa lendi kwa alendo odzacheza sabata imodzi. Nkhani ya mudzi umenewu njofunika kuti anthu a m'midzi ya kuno aimve, chifukwa ikuonetsa m'mene mudzi ungathere pang'onopang'ono ndalama zikulowa.

Malonda ake amayenda motere. Munthu wandalama amagula nyumba yakale ya msodzi kapena ya mlimi, naikonza m'kati, naikamo mabedi, ziwiya zophikira ndi mbaula ya nkhuni. Kenako amaijambula nkuika zithunzi pa intaneti kudzera m'makampani onga Airbnb. Banja la ku Newcastle kapena ku London limalipiratu, limafika Lachisanu, limapeza kiyi m'kabokosi kotsekula ndi nambala pakhomo, ndipo limachoka Lachisanu linalo osaonana konse ndi mwini nyumba. Malondawa adakula kwambiri m'zaka za 2020 ndi 2021, pamene matenda a Covid-19 adatseka maulendo a kunja, Angerezi nayamba kukapumira m'midzi ya m'dziko lawo lomwelo.

Chimodzi mwa zinthu zokopa kwambiri alendowa ndi chibafa chachikulu choikidwa panja, kuseri kwa nyumba, chomwe Angerezi amachitcha hot tub. M'menemo mumakwana anthu 4 mpaka 6 nthawi imodzi. Salowamo kuti asambe ndi sopo ayi. Amangokhalamo chikhalire, madzi ali m'khosi, akucheza ndi kumwa vinyo. Magetsi amafunditsa madziwo usana ndi usiku kuti akhale pa madigiri 37 mpaka 40, ndipo pampu imawatakasa kuti azichita thovu. Ku dziko lozizira ngati limenelo, nyumba yokhala ndi chibafa chotere imapeza alendo ngakhale m'miyezi yachisanu, ndipo mtengo wake wa pa sabata umakwera. Nchifukwa chake eni nyumba amachitchula poyambirira penipeni potsatsa malonda awo.

Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chibafa chimodzi chimameza malita 1000 kapena kuposerapo, ndiye kuti zigubu 50 za malita 20, madzi amene mayi wa ku Tsangano angasenze kwa masiku ambiri. Madzi ofunda akapanda kusamalidwa amaswa tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo choopsa munthu akapuma nthunzi yake. M'chaka cha 2012, mumzinda wa Stoke-on-Trent, anthu oposa 20 adadwala, ena namwalira, chifukwa cha chibafa chimodzi chomwe chidali chongoonetsa m'sitolo. Malangizo amene bungwe la boma loona zachitetezo pantchito lotchedwa HSE lidatulutsa mu 2017 amati m'nyumba zalendi madziwo azitayidwa alendo akachoka, kapena kamodzi pa sabata. Tsono zigubu 50 zija zimatayidwa nkuthiramo zina, sabata ndi sabata.

Ntchito yokhutula, kutsuka, kuthira mankhwala, kuchapa nsalu za pabedi ndi kukolopa ndiyo imagwera anthu a m'deralo. Ndi ntchito ndithu, ndipo palibe angainyoze. Usodzi wa mabwato ang'onoang'ono udatsika kalekale kumeneko, ndipo popanda alendo mabala, timasitolo ndi amisiri omanga akadavutika. Koma ntchito ya nyumba za alendo imaunjikana pa tsiku limene alendo ena akutuluka ena akulowa, imachuluka m'miyezi yofunda, nkuchepa m'miyezi yozizira. Malipiro ake sangagule nyumba m'mudzi umene mitengo ya nyumba ikuikidwa ndi matumba a anthu a m'mizinda. Ngakhale ya lendi imasowa, pakuti mwini nyumba amaona kuti sabata imodzi ya alendo pa nyengo yabwino ingampatse ndalama zimene banja la pamudzi likadalipira pa mwezi wathunthu. Mapeto ake, mtsikana wobadwira m'mudzimo amakakhala kutali, nkumabwera m'mawa pagalimoto kudzayala mabedi m'nyumba za m'mudzi wa makolo ake.

Apa ndipo pagona nkhani. Mlendo ndi mame. Mlendo wa sabata imodzi satumiza mwana kusukulu ya pamudzi, salowa m'bungwe la tchalitchi, sayendera nkhalamba yodwala ya nyumba yoyandikana nayo, sapezeka pamaliro. Amagula buledi ndi mowa, inde, koma m'miyezi yozizira misewu imakhala zii, mazenera ambiri ali mdima. Ana akachepa sukulu imakhala pa chiopsezo chotsekedwa, sukulu ikatsekedwa mabanja achinyamata otsala amasamuka, ndipo nyumba zawo amagulanso ndi omwe aja. Palibe amene adakhala pansi nkupangana kuti athetse mudzi. Aliyense wogulitsa adali ndi chifukwa chomveka: wina ngongole, wina ukalamba, wina adalandira nyumba ya masiye ali kutali. Koma zifukwa zomvekazo zikaphatikizana zimabala mudzi wa zithunzi zokongola wopanda eni.

Wina angafunse kuti, kodi munthu alibe ufulu wochita zimene afuna ndi nyumba yake? Nanga mlimi wovutika amletse ndani kupezako ndalama kwa alendo? Funso limeneli nlolemera, makamaka poona kuti kuyambira 2021 boma la kumeneko lidayamba kuchepetsa thandizo la ndalama limene alimi a ku England ankalandira molingana ndi kukula kwa minda yawo. Koma zinthu ziwiri ziyenera kusiyanitsidwa. Mlimi amene wasandutsa khola lakale la ng'ombe kukhala nyumba ya alendo, naikapo chibafa chake, sadatulutse munthu aliyense m'nyumba. Iye akadali pomwepo, ana ake ali pasukulu ya pomwepo, ndalama zikuthera m'mudzi momwemo. Wochokera kutali amene wagula nyumba yomwe mudali banja wachotsa khomo limodzi pa chiwerengero cha mudzi, ndipo phindu limapita kumene iye amakhala. Kwa mlendo nyumba ziwirizi nzofanana, madzi ndi ofunda chimodzimodzi. Kwa mudzi, ina ndi nkhokwe, ina ndi chiboo.

Angerezi eni ake adazindikira zimenezi, koma mochedwa. M'chaka cha 2016 anthu a m'tauni ya St Ives, ku Cornwall, adavota kuti nyumba iliyonse yomangidwa chatsopano izikhala ya munthu wokhalamo chaka chonse, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ovota adavomereza. Mu 2018 Beadnell pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo ya Bamburgh ndi Seahouses idakhazikitsa lamulo longa lomwelo. Kuyambira mwezi wa Epulo 2025 makhonsolo a ku England adaloledwa kulipiritsa msonkho wowirikiza kawiri pa nyumba zachiwiri, ndipo mwezi womwewo boma lidathetsa chifundo cha msonkho chimene eni nyumba za alendo ankachitiridwa. Zonsezi nzabwino, koma mipata ilipo. Lamulo la 2018 limakhudza nyumba zatsopano zokha, zakale zija zidapita kale. Ndiponso nyumba yotsatsidwa masiku 140 pa chaka, nilandira alendo masiku 70, imawerengedwa ngati bizinesi, nichoka pa msonkho wa nyumba zokhalamo anthu. Madzi akatayika saoleka.

Anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi madera ena a m'malire safunika kuuzidwa kuti mudzi wopanda anthu umaoneka bwanji. Pa nthawi ya nkhondo midzi yathunthu idasamukira ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo mtendere utasainidwa mu 1992 chimene chidadzutsa midzi ndi kubwerera kwa eni ake, ngakhale ambiri adapeza mabwinja okhaokha. Ku Beadnell nyumba zilipo zonse, koma eni ndiwo akusowa. Ndipo malonda a alendo sali kutali ndi kuno. M'mbali mwa nyanja ya Niassa, cha ku Metangula ndi Cóbuè, ndiponso pa damu la Cahora Bassa, malo ogona alendo alipo kale, ndipo kulikonse kumene kuli madzi, phiri kapena mphepo yabwino, tsiku lina kudzafika munthu wa chikwama kudzafunsa malo.

Pa chinthu chimodzi mlimi wa ku Moçambique ali patsogolo pa mnzake wa ku England. Malamulo aakulu a dziko lino amati nthaka nja Boma, siigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 lidavomereza ufulu wa anthu okhala pamalo mwa mwambo wa makolo, ngakhale alibe pepala, ndipo lidalamula kuti anthu a m'deralo afunsidwe munthu wa bizinesi asanapatsidwe chilolezo cha DUAT. Koma nyumba ndi zomanga zina zimagulitsidwa, ndipo msonkhano wofunsa anthu ungathe kuthera pa mfumu ndi nyakwawa ochepa, kuombera m'manja ndi lonjezo la ntchito. Mphamvu imene lamulo lidapereka imagwira ntchito pokhapokha anthu ataigwiritsa pa tsiku la msonkhanolo, zinthu zisanasainidwe.

Tsono mudzi umene wafikiridwa ndi wofuna kumanga nyumba za alendo usathamangire kukana, usathamangirenso kuvomera. Ufunse poyera kuti malowo akuchotsapo yani, ndi kuti ana a m'mudzimo akadzakwatira adzamanga pati. Ufunse kuti madzi a alendowo adzachokera pa chitsime chiti, nanga m'mwezi wa Okutobala chitsimecho chikaphwa adzayamba kutunga ndani. Ufunse ngati njira ya kudoko, kudambo ndi kumanda idzakhala yotsekula. Ufunsenso kuti mwa anthu a pamudzi ndani adzakhale ndi gawo pa umwini, osangoti pa tsache ndi chidebe. Mayankho ake alembedwe m'chikalata cha msonkhano, amayi ndi achinyamata ali pomwepo, ndipo mudzi usunge pepala lakelake. Anthu a ku Beadnell adafunsa mafunso otere nyumba zoposa theka zitapita kale. Midzi ya kuno ikadali ndi mwayi wowafunsa nyumba yoyamba isanamangidwe.