Preamp ya maiki 8 kapena chojambulira cha maiki 4? Maganizo anga



Nkhani ndi iyi. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Physical Science, pano ali pa ntchito ku Johannesburg, walonjeza kugulira kwaya ya sukulu yathu zipangizo zojambulira nyimbo. Ndalama ndi zake, koma wati tisankhe ife, adzabwera nazo pa basi nthawi ya Khirisimasi. Lachinayi tinakhala pansi mu staff room, ndipo anzanga ambiri akufuna preamp ya maiki 8, ija yaitali ya timagetsi tothwanima. Ine ndinakana. Tinabalalika tisanamvane, ndiye ndati ndilembe, poti pakamwa ndimafulumira kutentha.

Kwa amene munkagona m'kalasi mwanga, preamp ndi chiyani? Maiki imatulutsa mphamvu ya magetsi yochepetsetsa, ma millivolt owerengeka chabe. Ntchito ya preamp ndi kukweza mphamvu imeneyo kuti chojambulira chiimve. Mukaona palembedwa 60 dB, ndiye kuti voltage ikhoza kuchulukitsidwa ka 1,000. Preamp yabwino imakweza mawu osakweza nawo kaphokoso kaja ka sssss. Imaperekanso ma 48V amene maiki za condenser zimafuna kuti zigwire ntchito. Basi. Siikonza munthu woimba mopotoka.

Choyamba chimene chikundiopsa ndi ichi. Mabokosi ambiri otchedwa preamp ya matchanelo 8, monga Behringer ADA8200 kapena Focusrite Scarlett OctoPre, alibe polowetsa USB. Mawu amatulukira pa chingwe cha kuwala chotchedwa ADAT, kapena pa mawaya 8 osiyana. Anawapanga kuti awonjezere makomo pa interface imene muli nayo kale. Ife tilibe interface. Tili ndi laputopu imodzi ya ku ofesi, yomwenso amalembera mayeso. Ndinaziona ndi maso anga ku mpingo wina kuno: anasonkha ndalama miyezi ingapo, anagula bokosi la mtundu umenewu, litafika anapeza kuti palibe poliloza pa kompyuta. Mpaka lero lili m'kabati ya ku vestry, lokutidwa ndi chitenje. Ndipo ADAT imanyamula matchanelo 8 mpaka pa 48 kHz basi. Mukakwera pa 96 kHz amatsala 4. Wogulitsa sakuuzani zimenezi ngati simunafunse.

Chachiwiri, magetsi. Sindikufuna kunena zambiri, tonse timakhala konkuno ku Boma. Bokosi la pa soketi limafuna 230V yokhazikika, laputopu nayo batire yake inatha kalekale. Mwasonkhanitsa ana 45 Loweruka, ena ayenda wapansi kuchokera kupitirira Chitakale, nyimbo yagwira bwino pa vesi yachitatu, magetsi phethi. A Deputy anati tidzalizira jenereta. Bwana, jeneretayo idzamveka m'nyimbo zonse ngati bass yachisanu.

Koma mfundo yanga yeniyeni ndi yachitatu, ndipo apa ndi pamene tinakanganirana kwambiri. Kwaya siifuna maiki 8. Kwaya ndi liwu limodzi lopangidwa ndi anthu ambiri, ndipo kusakaniza kwake kumachitika mu mpweya, mawu asanafike pa maiki. Mukaika maiki zambiri moyandikana, liwu la mwana mmodzi limafika pa maiki iyi msanga, pa inayo mochedwerapo pang'ono. Mukaziphatikiza, mafunde ena amafafanizana, nyimbo n'kumamveka ngati ikutulukira mu paipi. Ndi interference yomweyi tinkajambula pa bolodi ija. N'chifukwa chake akatswiri ali ndi lamulo la 3:1: maiki ikakhala mita imodzi kuchoka kwa oimba, inzake ikhale mamita 3 kuchoka kwa iyo. Tayesani holo yathu ndi tepi muone ngati maiki 8 zingakwanemo motero. Komanso denga ndi la malata, makoma ndi a simenti. Maiki iliyonse yowonjezera ikungotola kulira kwa chipinda, ndipo mvula ya kuno ikayamba palibe preamp ya mtengo uliwonse ingatipulumutse.

Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za makolo athu. Nthawi zambiri ankagwira maiki imodzi m'manja, n'kumaisuntha kuyandikira amene akutsogolera nyimbo. Zojambula zakezo anthu akuzimverabe mpaka pano. Luso linali podziwa poima.

Ndiye ine ndikuti chiyani? Tipemphe chojambulira cha mabatire chokhala ndi ma preamp 4, monga Zoom H6. Chili ndi makomo 4 a XLR, chili ndi maiki zake ziwiri pamutu, chimalemba pa SD card, chimayendera mabatire 4 a AA. Maiki ziwiri za condenser kutsogolo kwa kwaya, imodzi ya wotsogolera, imodzi ya ng'oma kapena kiyibodi. Zakwana. Ndikuvomera kuti ma preamp a kachipangizo kotere sali chete ngati a mu studio, ndipo mukayatsa 48V mabatire amatha msanga. Koma ana 45 akamaimba samanong'ona, sitidzafunika kukweza gain mpaka kumapeto.

Ndalama zotsalazo zipite ku zinthu zimene palibe amene anazitchula Lachinayi: ma stand aatali, mawaya abwino a XLR, mahedifoni otseka makutu, mabatire otchaja, ndi chitini chotsekeka bwino chosungiramo maiki. Chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri, makamaka nthawi ya chiperoni, chimalowa mu condenser n'kumathetheka ngati chimanga chokazinga. Musaiwalenso kuti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, waya ukaduka, kukagula wina ku Limbe si nkhani yamasewera. Mnyamatayu akugula kamodzi. Sitidzamuimbiranso foni mwezi ndi mwezi.

Amayi a Expressive Arts anandifunsa funso labwino, ndipo ndawaganizira sabata yonse. Anati nanga tikadzakhala ndi bandi, ya drum kit, magitala ndi oimba atatu? Zoona amayi, pamenepo makomo 4 achepa. Tsiku limenelo likadzafika tidzagule interface yeniyeni ya USB yokhala ndi ma preamp 8 mkati, monga Scarlett 18i20 kapena Behringer UMC1820, osati preamp yokhayokha. Ndipo tidzafunika pulogalamu ngati Reaper, chifukwa Audacity pa Windows kawirikawiri imangoona matchanelo awiri. Koma bandiyo ili kuti? Gitala wathu ali ndi nsambo 4.

Pali chinanso chimene bokosi la pa soketi silingachite. Silingapite ku mudzi. Tchopa wa Alhomwe analembedwa pa mndandanda wa UNESCO mu 2014, ndipo ena mwa ana athu agogo awo ndi amene amaimba ng'oma zake. Chojambulira cholowa m'chikwama tikhoza kukwera nacho kabaza, kapena kupita nacho ku Chonde pa Mulhako mu October, tikapempha chilolezo kwa eni ake. Kaseti yokhayo ya kwaya yathu yakale, imene ena a inu munaimbamo, inali kwa mlamu wanga ndipo inapita ndi madzi a Freddy mu March 2023. Sindinaikope. Zimandiwawa mpaka lero.

Ana a Fomu 4 amene akunyamula alto chaka chino akalemba MSCE apita, ndiye tili ndi miyezi yochepa. Lachiwiri pa break ndibwera ndi tepi yoyezera, tikayese holo ija limodzi tisanamuyankhe mnyamatayu. A Deputy, mubwere ndi makiyi.