Alendo akapita, citsala nciani kwa ife a ku Chongwe?

Alendo ambiri olemekezeka obwera ku misonkhano ikuluikulu mu Lusaka amayamba kuponda nthaka ya boma lathu. Bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda lili m'boma la Chongwe, ngakhale anthu analizolowera kuti ndi la Lusaka. Tinaona mndandanda wa magalimoto mu Julayi 2022 pamene atsogoleri a African Union anakumana ku Mulungushi, tinauonanso mu Juni 2023 pa msonkhano wa COMESA. Makolo anati mlendo ndi mame. Nkhani yathu lero ndi ya zimene zimatsala mamewo akakamuka.

Zabwino zilipo, ndipo tisazibise. Nyumba ya misonkhano ya Mulungushi inamangidwa m'miyezi yocepa mu 1970 kuti ilandire atsogoleri a maiko osagwirizana ndi mbali iliyonse pa mkangano wa America ndi Soviet Union. Papita zaka zoposa 50 ndipo ikali kugwira nchito. Mbali yake yatsopano, yochedwa dzina la Kenneth Kaunda, inaperekedwa ndi dziko la China monga mphatso ndipo ndiyo inalandira msonkhano wa 2022. Mu Ogasiti 2013, mzinda wa Livingstone pamodzi ndi Victoria Falls ya ku Zimbabwe unalandira msonkhano wa bungwe la United Nations loona za alendo okaona malo, ndipo miseu ina ya mumzindawo inakonzedwa. Pa masiku otere mahotela amadzaza, oyendetsa matakisi amapeza ndalama, ndipo dzina la Zambia limamveka kutali.

Koma ciliconse cili ndi mtengo wake. Nyumba yatsopano ya pa bwalo lathu la ndeke, imene inatsegulidwa mu Ogasiti 2021, inamangidwa ndi nkhongole ya madola 360 miliyoni yocokera ku banki ya boma la China. Miyezi ingapo isanatsegulidwe, mu Novembala 2020, dziko lathu linali litalephera kale kulipira ena mwa amene linawakongola. Sitikunena kuti bwalo la ndeke ndilo linagwetsa cuma. Nkhongole zinali zambiri. Tikungokumbutsana kuti nkhongole ya dziko sailipira mlendo. Amailipira mai wogulitsa tomato pa msika wa Chongwe, mphunzitsi, mlimi wa cimanga, pa msonkho ndi pa mitengo ya zinthu.

Pa Luka 14:28-30, Ambuye Yesu anapereka citsanzo ca munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera ndalama, kuopa kusiyira nchito pa maziko ndi kusekedwa. Dziko lathu linacitapo zotere. Zambia inapatsidwa mwai wocititsa masewera a All-Africa Games a 2011, koma mu Disembala 2008 boma linabweza mwaiwo cifukwa ca kusowa ndalama, ndipo masewerawo anakacitikira ku Maputo. Ambiri anamva manyazi. Ife tiona kuti kuvomera msanga kuti thumba ndi lopepuka kunali kwanzeru kuposa kumanga ndi ndalama zimene tinalibe.

Phunziro lina lili pa bwalo la masewera la National Heroes, limene linatsegulidwa mu 2014. Mu Januwale 2024, kolera itavuta mu Lusaka, bwalolo linasandutsidwa malo ocizirako odwala. Tiyamika kuti malowo analipo ndipo miyoyo inapulumuka. Komabe tisaiwale cimene cinadzaza bwalolo: madzi akuda ndi zimbudzi zosakwanira m'makomboni. Mzinda ungathe kukhala ndi malo okongola olandirira alendo pamene ana ake akumwa madzi a m'zitsime zosatetezeka.

Kuno kwathu nkhani ya madzi sitiimva pa wailesi. Tidziwa mmene mtsinje wa Chongwe umaphwera m'miyezi yotentha, ndi mmene amai ndi ana amalawirira ndi zigubu. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale caka cimeneco, cinaonjeza mavutowo. Mlendo akatera, galimoto yake imakhotera kumadzulo, ku mzinda. Sadzaona mseu wa fumbi wopita kuminda yathu, ndipo okonza msonkhano sauika pa mapulani ao.

Palinso nkhani ya malo. Pamene Lusaka ikukulira kum'mawa motsata mseu wa Great East, malo a pafupi ndi bwalo la ndeke akwera mtengo. Banja limagulitsa munda wa makolo, ndalama zimatha m'caka cimodzi, ana n'kutsala opanda polima. Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II akhala akulankhula kwa zaka zambiri za kusunga malo a anthu ao. Ife a mpingo tiyenera kucenjezana pa nkhaniyi m'mabanja ndi m'zigawo zathu.

Tsono ticite ciani? Kulandira alendo ndi khalidwe la Cikhristu, ndipo sitipempha kuti misonkhano ileke. Tipempha kuti pamene msonkhano wina ulengezedwa, tifunse makhansala athu ndi phungu wathu mafunso atatu. Ndalama zake ndi mphatso, nkhongole kapena msonkho? Cimene cimangidwa cidzagwira nchito yanji alendo akapita? Nanga alimi a Chongwe adzagulitsa ndiwo, nkhuku ndi mazira ao ku mahotela, ndi acinyamata athu adzalembedwa nchito? Malo ofunsira alipo: makomiti a citukuko a m'mawadi. Akulu a mpingo, a cigwirizano ca amai ndi acinyamata apiteko, asangodandaulira pa khonde la chalichi.

Nafenso tidziyese. Mpingo ukamalandira msonkhano waukulu, timapenta chalichi, kugula mipando ndi kupha ng'ombe, nthawi zina ndi ndalama zobwereka, pamene denga la mai wamasiye likudontha. Muyeso umene tiupempha kwa boma uyambe pa ife. Mulungu atipatse mtima wocereza, ndi nzeru zowerengera tisanamange.