Kodi Bukulo Analemba Ndani?

Amayi ndi abambo a nthambi yathu, inu amene munalipo pa msonkhano wa mwezi wathawu munaona ndi maso anu zimene anabweretsa mayi uja wa kuseri kwa phiri. Anamasula mpango, natulutsa kachitini kadzimbiri, ndipo m'katimo munali kabuku kotulukira usilikali ka malemu bambo ake, mendulo ziwiri zopanda kansalu kake, ndi chithunzi chimene chiswe chinadya mbali imodzi. Mkuluyo ambiri a ife tinkamudziwa. Ankatsimphina mwendo wakumanzere, ndipo tili ana tinkakhala pakhonde pake kumva za ku Burma, za mvula yosakata ndi misundu ya m'nkhalango, ndi za tsiku limene anabereka mzungu wake wolasidwa namuolotsa mtsinje, zipolopolo zikugwa m'madzi. Ankati mkulu wa gulu lawo anamuitana pa perete, namugwira chanza pamaso pa anzake onse, namuuza kuti dzina lake latumizidwa kwa akuluakulu kuti alandire mendulo ya kulimba mtima. Anadikira mpaka imvi, nadikirabe mpaka tinamuika. M'kabuku muja mwalembedwa tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ndi mawu akuti khalidwe lake linali labwino. Za mtsinje uja mulibe, ngakhale za bala la pamwendo mulibe.

Mwana wakeyo anagulitsa nkhuku kuti apeze yokwerera, napita ku ofesi ina imene sitiitchula pano. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa litapendeka kalaliki anatembenuza kabukuko kawiri, nati, “Mayi, zimene mulibe m'buku ndiye kuti sizinachitike.” Mayiyo anabwerera ndi kachitini kake. Ife tikufuna kumufunsa kalalikiyo, ndi onse amene amaganiza monga iye: kodi bukulo analemba ndani?

Tiyambire pafupi pomwe pano. Mukatsika phiri kupita kutauni, mwana aliyense akhoza kukulozerani ku Cobbe Barracks. Alexander Cobbe anali Mngerezi amene anatsogolera asilikali a Keyala ku Somaliland, ndipo pa 6 October 1902, pa nkhondo ya ku Erigo, anagwira mfuti ya chiwaya anzake atabwerera m'mbuyo, natulukanso pakati pa moto kukatenga munthu wovulala. Anampatsa Victoria Cross, mendulo yoposa zonse mu ufumu wa Angerezi. Ife sitikukana kuti mwamunayo analimba mtima. Koma pa nkhondo imeneyo panalinso anyamata ochokera kuno kwathu, ndipo patangopita miyezi isanu ndi umodzi, pa 17 April 1903, ku Gumburu, gulu la Keyala lotsogoleredwa ndi Plunkett linathera pamalo amodzi, ndipo mwa akufawo oposa 100 anali ana a dziko lino, ambiri Ayao. Tiuzeni, ndi msewu uti wa m'Zomba muno umene uli ndi dzina la mmodzi wa iwo? Ndi mwana wa sukulu uti amene angatchule ngakhale awiri?

Chiyambire Keyala mu 1902 mpaka pamene inathera pa nthawi ya ufulu, palibe msilikali wakuda wa Keyala ndi mmodzi yemwe amene anavala Victoria Cross. Kodi tinene kuti m'zaka 60 zonsezo, kuchokera ku Somaliland mpaka ku Malaya, munthu wakuda sanalimbeko mtima kufika pamene anafika Cobbe? Mu January 1915, pa nkhondo ya ku Jasin m'malire a Kenya ndi Tanganyika, sajeni wakuda wa gulu lachitatu la Keyala, dzina lake George Williams, anachita zoti ngakhale mkulu wankhondo Tighe analembera ku London kupempha kuti munthuyo apatsidwe Victoria Cross. Ku London sanavomere. Munthu wakuda anali atamukonzera kale mendulo yakeyake ya kulimba mtima, yosiyana ndi ya mzungu, monga anamukonzera chipatala chake, sukulu yake ndi khomo lake la kuseri. Tsono pamene jenerale weniweni analemba kalata nakanidwa, tiyembekezere chiyani za lonjezo la pakamwa limene linaperekedwa pa perete m'nkhalango ya ku Burma? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Musaganize kuti Boma la atsamunda linkasowa inki kapena chitsulo. Pamene John Chilembwe anaukira pa 23 January 1915, asilikali ndi azungu odzipereka amene anatumidwa kukathyola anthu ake ku Chiradzulu anakumbukiridwa bwino lomwe: anawasulira kachitsulo kapadera kovala pa mendulo, kolembedwa kuti Nyasaland 1915. Pa kusaka m'busa wa ku Mbombwe buku linalembedwa mosadumpha mzere. Chilembwe yemweyo, miyezi iwiri asanaukire, anali atalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akutengedwa kukafera nkhondo yosakhala yawo, nasiya amasiye amene palibe adzawakumbuke. Magazi a ku Karonga a pa 9 September 1914 anali asanaume. Zimene ananenazo zinachitika monga momwe ananenera.

Pa Nkhondo ya Chiwaya, kuyambira 1914 mpaka von Lettow-Vorbeck atagonja ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, mu November 1918, dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatengawo anali azigogo athu, ogwidwa usiku m'midzi ndi amesenjala, osenza ufa ndi zipolopolo pamutu kudutsa mapiri, akufa ndi kamwazi ndi njala m'njira. Asilikali ali ndi chipilala chawo cha njerwa pafupi ndi kampu kuno ku Zomba, chimene akuluakulu amakaikapo nkhata za maluwa mwezi wa November. Wamtengatenga anaikidwa pamene anagwera. Izi sitikuzipeka ife. Mu April 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a ku Africa kuno, sanalembedwe maina pa manda kapena pa chipilala chilichonse, ndipo nduna ya zachitetezo ya ku Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba yawo ya malamulo. Eni bukulo avomera okha kuti linalembedwa mokondera. Nanga kalaliki wathu wakuda akulitetezeranji ngati Baibulo?

Nkhondo ya Hitler inatenganso amuna a kuno oposa 25,000. Anaima ku Moyale mu July 1940 ndi ku Tug Argan mu August chaka chomwecho, anadutsa dziko la Abyssinia, anaoloka nyanja kupita ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944, nthawi ya dzinja pamene ena ankati nkhondo siingamenyeke, anatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin. Sitikunena kuti palibe analandira ulemu. Alipo asajeni ndi makopolo amene maina awo anatuluka m'gazeti ya ku London, ndipo timawanyadira. Koma taonani mtengo umene anaika pa munthu. Chikalata cha mu 1945, chimene chinaululidwa m'nyuzipepala mu 2019, chikuonetsa kuti pa ndalama yothokozera potuluka usilikali, mzungu wamba ankawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, Mmwenye masheleni 7 ndi theka, munthu wakuda masheleni 3 ndi theka. Chipolopolo cha Mjapani sichinkafunsa khungu, koma kalaliki wa malipiro ankafunsa. Dzanja limene linalemba masheleni 3 ndi theka ndi lomwelo limene linkasankha dzina loti lipite ku London ndi dzina loti litsale m'kabati.

Pali chinanso chimene ambiri sadziwa, ndipo ndicho chikutichititsa kuumirira pa mapepala. Mendulo za Nkhondo ya Chiwaya zinkadindidwa dzina ndi nambala ya mwini wake m'mphepete. Koma nyenyezi ndi mendulo zimene Angerezi anapereka kwa onse amene anapita ku nkhondo ya 1939 mpaka 1945, monga Africa Star ndi Burma Star, zinkaperekedwa zopanda dzina. Choncho mendulo ziwiri zija za m'kachitini sizingathe kuchitira umboni mwini wake. Aliyense akhoza kunena kuti anazitola. Umboni uli papepala pokha, ndipo ngati pepala ndi losalemba, mdzukulu wa mkulu uja akadzanena kuti agogo anga anamenya nkhondo ku Burma, anzake adzamuseka.

Tikudziwa chimene adzatiyankhe. Adzati papita nthawi, mboni zinafa, ndipo Angerezi ali ndi lamulo lakuti sabwereranso kukaunika mendulo za kulimba mtima za nkhondo zakale. Ife kwathu kuno timati mlandu suola, ndipo tikaona bwino nawonso amadziwa zimenezi pamene wakufayo ndi wawo. Mu 2013 Britain anayamba kupereka mendulo yatsopano ya Arctic Star kwa amalinyero a nkhondo yomweyo, patapita zaka pafupifupi 70. Mnyamata wa ku Australia, Teddy Sheean, anafa m'sitima yankhondo mu December 1942, ndipo anthu a kwawo anakangana ndi maboma awo mpaka Mfumukazi inavomera Victoria Cross yake mu 2020. Ku America anafufuza okha napeza kuti tsankho linamana asilikali akuda ulemu wawo, ndipo mu 1997 Bill Clinton anapereka Medal of Honor kwa asanu ndi awiri. Wamoyo anali mmodzi yekha, Vernon Baker. Ngakhale pafupi pompa, mu November 2023, Mfumu Charles inapita ku manda a Kariokor ku Nairobi nkupereka mendulo zatsopano kwa nkhalamba zimene zinataya zawo pa nthawi ya Mau Mau. Khomo limene linatseguka ku Nairobi likanika bwanji kutseguka ku Zomba?

Tsopano tilankhule za m'nyumba mwathu momwe. Pa msonkhano paja ena mwa achinyamata anang'ung'udza, ndipo mmodzi anaimirira nati, “Alembi, tivutikiranji ndi anthu amene anali zikwapu za atsamunda? Si Akeyala omwewo anasaka Chilembwe? Si omwewo anatumidwa m'midzi mu 1959?” Funso limeneli silopusa, ndipo sitilithawa. Inde, anatumidwa. Koma mnyamata amene mfumu inamuloza chala chifukwa Bwana D.C. wafuna amuna angapo m'mudzimo, kapena amene anathawa thangata ndi msonkho wa nyumba nalowa usilikali kuti amake asaotcheredwe nyumba, sanali mwini nkhondo. Chilembwe mwini wake sanawatukwane anthu amenewa, anawalirira. Ndipo tikawataya ife, amene apindule ndani? Atsamunda anawalipira theka, ife tikawafufutiratu. Timavina beni pa zisangalalo zathu, ng'oma ndi mayunifolomu zochokera ku perete ya anthu omwewa, koma maina awo tilibe nawo ntchito!

Komanso tisamangoloza ku London. Kuyambira 1964, pamene gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles, maboma athu alowa ndi kutuluka, a chipani chimodzi ndi a zipani zambiri. Nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko lino, National Archives, ili kuno ku Zomba, tauni imodzi ndi kampu ndi chipilala. Mabuku amene magulu a nkhondo ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ali ku Kew, ku London, ndipo munthu aliyense amaloledwa kukawerenga. Tili ndi kazembe kumeneko amene timamulipira ndi misonkho yathu. Kutuma anthu awiri kapena atatu ophunzira kuti akafananize mabukuwo ndi timabuku ta m'zitini za m'midzi sikungafike pa mtengo wa mafuta a galimoto zimene zimabwera ku chipilala tsiku limodzi la November.

Tinene zoona pa chinthu chimodzi, poti ndife aphunzitsi ndipo sitifuna kunamiza ana. Si nkhani iliyonse ya pakhonde imene idzapezeke yoona. Nkhalamba zina zinkathira mchere, monga amachitira mlenje aliyense. Mwina tikatsegula mabuku tidzapeza kuti mtsinje uja unali waung'ono. Chabwino, atsegule tione. Kumene dzina lidzapezeke, lilembedwe m'kaundula wa asilikali, banja lipatsidwe chikalata chodinda, mendulo imene inasochera iperekedwe. Kumene sikudzapezeka kanthu, tidzavomera. Chimene tikukana ndi kuuzidwa kuti tikhale chete ndi munthu amene sanatsegule ngakhale kabati.

Komiti ya nthambi yagwirizana motere. Loweruka likudzali, kuyambira 8 koloko m'mawa, tidzakhala pansi pa mtengo wa pa bwalo la sukulu ndi kope lalikulu. Aliyense amene kwawo kunali msilikali wa Keyala, kaya wa Chiwaya, wa ku Burma, kapena wa ku Malaya m'zaka za 1952 mpaka 1954, abwere ndi chilichonse chimene chinatsala: kabuku, chithunzi, kalata, mendulo. Chofunika koposa ndi nambala ya usilikali. Zambiri za kuno zimayamba ndi malembo akuti DN, ndipo popanda nambala dzina lokha silipezeka msanga, chifukwa ambiri analembetsa maina ena osati a kumudzi, ndipo azungu ankawalemba mokhota. Tidzakopera ndi kujambula pomwepo, inu mubwerere ndi zanu. Musapereke pepala lenileni kwa munthu aliyense, ngakhale atavala taye, ndipo amene amayenda m'midzi kugula mendulo muwabweze pakhomo. Amene munamva nkhani kwa mwini wake ali moyo, bwerani mudzainene, tidzailemba ndi dzina la mudzi ndi la mboni. A mfumu tawapempha kale kuti alengeze pa maliro ndi m'mipingo ndi m'mizikiti.

Kopelo likadzaza tidzalemba makalata atatu, kwa phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo, kwa bungwe la asilikali opuma, ndi kwa kazembe wa Britain ku Lilongwe, ndipo mayankho awo, kapena kusayankha kwawo, tidzakuwerengerani pa msonkhano. Dzina loyamba m'kopemo lidzakhala la bambo ake a mayi uja, amene walonjeza kuti afika m'mamawa ndi kachitini kake.

Kwacha!

Mlembi wa Nthambi