Bakha uyu ndi wa yani?

Loweruka lina ndili pa damu ku Johannesburg ndi mwana wanga wamkazi, iye anandikoka malaya. “Adadi, uyu bakha bwanji wavala nsapato za eni?”

Ndinaseka, koma nditayang'anitsitsa ndi magalasi oonera patali ndinaona kuti mwanayo sananame. Bakha wam'tchire wa mlomo wachikasu, yemwe Azungu amati Yellow-billed Duck, ndimamudziwa bwino: mlomo wachikasu wokhala ndi banga lakuda pamwamba, thupi lotuwa, miyendo yoderapo, ndipo wamwamuna ndi wamkazi amafanana. Koma uyu miyendo inali ya olenji, mutu ukunyezimira mobiriwira pang'ono, ndipo kanthenga ka kumchira kanali kopindikira m'mwamba. Zonsezi ndi zizindikiro za Mallard wamwamuna, bakha wa ku Ulaya amene anthu anabwera naye kudzakongoletsa madamu.

Tinene kuti haibulidi, monga timanenera chimanga. Komatu osathamangira kugamula. Matope amadetsa miyendo, dzuwa limanamiza maso, ndipo Mallard wamwamuna akamasintha nthenga amaoneka ngati wamkazi. Ine ndimafuna zizindikiro zitatu ndisanalembe kanthu m'kabuku kanga.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ana a abakha awiriwa nawonso amaswa. Sali ngati ana a Mallard ndi bakha wapakhomo wa nkhope yofiira uja, amene saswa. Ndiye magazi amasakanikirabe, mpaka wa mlomo wachikasu weniweni n'kuyamba kusowa. N'chifukwa chake ku South Africa Mallard amamuwerengera pa mbalame zachilendo zowononga.

Mwana wanga zimenezo analibe nazo ntchito. Anamutcha dzina lakuti Nsapato.