"Ndale ayi mu gulupu muno": ndiye tikalankhulire kuti?

Abale athu a geni ndi inu a dalaiva, sabata yatha mayi wina anaika uthenga muno wodandaula za mzere wa mathiraki pa boda komanso malamulo a katundu amene amasintha osatiuza. Mphindi zisanathe, ena munamukalipira kuti gulupu ino ndi ya bizinesi, ndale ayi, mpaka uthengawo unachotsedwa. Ife amene timachitira geni kuno ku Darlington mu Mutare, pafupi ndi boda ya Forbes, tikukana. Maganizo amenewo ndi otipha.

Kodi amene amasankha katundu woti adutse pa boda ndani? Amene amaika msonkho ndani? Si andale omwewo? Ife ndale titha kuzithawa, koma zimatipeza ndithu m'chikwama cha katundu.

Kumbukirani 2016. Mu June chaka chimenecho boma la Zimbabwe linatulutsa lamulo la Statutory Instrument 64, loletsa kulowetsa popanda chilolezo zinthu monga Cremora, chiponde, mayonezi, jamu, mafuta odzola, madzi a m'mabotolo ngakhale mabedi ndi mawilibala. Amenewo ndiwo anali katundu wathu. Palibe anatifunsa. Anthu anaona mpamba wawo wonse ukulandidwa ku Beitbridge. Wailesi ya boma sinali kumbali yathu. Nkhani inayenda pa WhatsApp, foni ndi foni, mpaka dziko lonse linadziwa. Pa 1 July kunabuka chipolowe ndipo nyumba yosungiramo katundu ya ZIMRA inapsa. Zowotchazo sitikuziyamikira, chifukwa munapseranso katundu wa anthu. Koma pa 6 July, atamemana pa intaneti pomwepo ndi gulu la #ThisFlag la Mbusa Evan Mawarire, anthu ambiri anangokhala kunyumba, mashopu osatsegula. Tsiku lomwelo WhatsApp inasiya kugwira kwa maola angapo.

Mu January 2019, mtengo wa mafuta utakwera koposa kawiri usiku umodzi, anthu anachita zionetsero ndipo boma linatseka intaneti dziko lonse. A dalaiva amene munali panjira mukukumbuka: osadziwa msewu wabwino ndi uti, osalankhula ndi abwana kapena ana kunyumba. Pa 21 January khoti lalikulu linagamula kuti nduna imene inalamula kutsekako inalibe mphamvu zotero. Tsono dzifunseni. Foni ikanakhala chidole, bwenzi boma likuvutika nayo chonchi?

Ambirife mawu tilibe kwina kulikonse. Mmalawi amene ali ku Johannesburg kapena ku Harare sangavote ali komweko. Ana a makolo amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu muno anakhala zaka akutchedwa "alien" pa chitupa, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawatsegulira njira ya unzika. Tsiku la msonkhano wa phungu ife timakhala pa mzere ku Nyamapanda kapena ku Mwanza. Bwalo lathu lotsala ndi gulupu ino. Ndiye mutitsekenso pakamwa inu anzathu omwe? Anzathu Achishona kuno amati mwana wosalira amafera mu mbereko.

Mantha anu tikuwamva. Mawarire anamangidwa mu July 2016, ndipo mayiko onse awiri ali ndi malamulo okhudza zolemba pa intaneti, wa 2016 ku Malawi ndi wa 2021 ku Zimbabwe. Komanso pali anthu otumiza mabodza, akuti boda yatsekedwa pamene ikugwira ntchito, wina n'kuononga ndalama ya thiransipoti pachabe. Amenewo a admin awachotse, tikuvomereza. Koma amene akunena zoona musamutseke pakamwa chifukwa cha abodza. Chofunika ndi kulankhula mwanzeru:

1. Lembani zimene mwaona nokha. Tchulani boda, tsiku ndi nthawi.
2. Sungani malisiti ndi mapepala onse. Dandaulo lopanda umboni ndi miseche.
3. Musatukwane munthu, musaike nkhope kapena nambala ya foni ya wina.
4. Uthenga wongolandira, fufuzani kaye musanautumize.
5. Madandaulo ofanana tiwasonkhanitse, apite ku mabungwe a ochita malonda odutsa malire ndi kwa aphungu. Zisathere pa kulira muno.

Tiziuzananso zimene zilipo kale. Angati muno akudziwa za ndondomeko ya COMESA yofewetsa malonda ang'onoang'ono pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe? Ufulu umene suudziwa amakudyera ena.

A admin, bwezani uthenga wa mayi uja. Lero walandidwa katundu ndi iyeyo, ife n'kukhala chete. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.