Nsato si mkanda wovala m'khosi

Mvula ikayamba, nsato zimaoneka kawirikawiri m'makola a nkhuku ndi m'minda ya kudambo. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chizolowezi chimene chabuka pakati pa anyamata: akaigwira amaikoleka m'khosi n'kujambulitsa kuti anzawo awagomere pa Facebook. Ena ndi amsinkhu wa ana amene ndimaphunzitsa. Ukawafunsa amati, "Aphunzitsi, imeneyi ilibe ululu."

Zoonadi ilibe ululu. Mphamvu yake ili m'thupi, poti kuyambira kukhosi mpaka kumchira ndi minofu yokhayokha. Nsato yokhwima imafika mamita 4, ina kuposa apo, ndipo imameza mbuzi yathunthu. Imayamba n'kuluma ndi mano opindikira m'kati ngati mbedza kuti nyama isapulumuke, kenako imaizinga n'kuyamba kufinya.

Ambiri timati imathyola mafupa kapena kubanikitsa. Kafukufuku amene anachitika ku America n'kufalitsidwa mu 2015, pa njoka za mtundu wa boa, anaonetsa kuti kufinyako kumaimitsa magazi, choncho ubongo ndi mtima zimaleka kugwira ntchito msanga. Tsono taganizani: mitsempha yopititsa magazi ku ubongo imadutsa pakhosi, pomwe mnyamata wakoleka njokayo. Itafinya, angakomoke m'masekondi ochepa, mnzake wojambula uja akuyesa n'zosewera. Ngakhale nsato yoweta siyodalirika. Mu Ogasiti 2013, ku Campbellton m'dziko la Canada, nsato ya ku Africa inatuluka momwe ankaisunga n'kupha ana awiri, wa zaka 4 ndi wa zaka 6, ali m'tulo.

Nanga tichite chiyani ikalowa m'khola? Chotsani ana ndi agalu, imani patali, ipatseni njira. Kawirikawiri imachoka yokha. Ikakhazikika, dziwitsani amfumu ndi ogwira ntchito ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Iwo akamagwira yaikulu amakhala angapo, wina kumutu, ena kuthupi, ndipo salola kuti ifike pakhosi kapena pachifuwa. Ngati yazinga munthu, musakoke mutu, poti mano aja amang'amba mnofu. Yambani kumasula kumchira, mukuzungulira nawo. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo n'kupita kuchipatala, chifukwa m'kamwa mwa nsato muli tizilombo toyambitsa matenda.

Sindikunena kuti tiziipha. Nsato imadya makoswe ndi nchenzi zimene zimatithera chimanga ndi nzimbe. Makolo athu ankaipatsa ulemu. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, amati mzimu wa Mbona umabwera ngati nsato. Ulemu umenewo unkateteza njoka, unkatetezanso anthu, poti palibe ankaiseweretsa.

Makolo, lankhulani ndi anyamata anu mvula isanakhazikike. Konzaninso makola, mutseke mipata yonse yapansi. Wakutsina khutu ndi mnansi.