Kubwerera M'mbuyo Si Umbuli

Anzanga, Abambo ndi inu makolo athu, ndikufuna ndinenepo maganizo anga pa nkhani ya makompyuta akale, chifukwa zinandichitikira ine ndemwe.

M'chipinda chathu chowerengera muli kompyuta yokalamba imene timalembapo nkhani za magazini ino. Inali ndi Windows 10 ndipo inkagwira ntchito bwinobwino. Tsiku lina ine ndi mnzanga tinaganiza zoikamo Windows 11, imene inatuluka mu 2021. Poyamba zinakanika, chifukwa kompyutayo ilibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kamene Windows 11 imafuna. Koma ife tinapeza njira yozembera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Makina anayamba kuchedwa, pulinta inaleka kusindikiza, ndipo nkhani zonse za anzathu zinali momwemo, sitinazisunge pena paliponse.

Anyamata ena anati tingopirira, ati kubwerera ku zakale ndi umbuli. Ine ndikutsutsa. Kompyuta ndi chida chogwirira ntchito ngati khasu. Ngati chatsopano chikulepheretsa ntchito, chichotsedwe msanga.

Ndikuti msanga chifukwa pali malire. Mukaika Windows yatsopano pamwamba pa yakale, yakaleyo imasungidwa mu foda yotchedwa Windows.old. Kwa masiku 10 mungathe kulowa mu Settings, kenaka System, kenaka Recovery ndi kudina Go back. Masikuwo akatha, fodayo imafufutika yokha, ndipo chimatsala ndi kuika Windows kuyambira pachiyambi, ntchito imene ingathe kutaya zonse zimene simunasunge.

Ife tinabisa mlanduwu masiku 6 chifukwa cha mantha. Titaulula, Abambo oyang'anira chipindacho sanatikalipire. Anatiuza kuti tiyambe takopera nkhani zonse pa fulashi, ndipo pokhapo tinabwezera Windows 10. Tikanakhala chete masiku ena ochepa, mwina simukanawerenga magazini ino.

Komabe sindikunena kuti zakale zilibe vuto. Microsoft inasiya kusamala Windows 10 monga inkachitira kale pa 14 Okutobala 2025, choncho kompyuta yotere ndi yosavuta kugwidwa ndi mavairasi. Tisaiyike pa intaneti mwachisawawa, ndipo tisamalowetsemo fulashi ya wina aliyense. Ndikupempha Abambo kuti aganizireko za Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imayenda pa makina ambiri akale. Inu makolo, pogula kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito, funsani ngati ingalandire Windows 11.

Kwa anzanga ndikuti: musanaike chatsopano, funsani mwini wake, sungani ntchito yanu pena, ndipo werengani masiku. Mukaona kuti mwalakwitsa, nenani nthawi ikadalipo.